Leicester, Mzinda wa ku England Womwe Ambiri Sauganizira: Kodi Munthu Angakhaleko Bwanji?



Mayeso a MSCE akamayandikira, nkhani ya kunja imakula pakati pa ophunzira a Fomu 4. Tikawafunsa komwe amalakalaka kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, mayina amene timamva ndi omwewo chaka ndi chaka: London, Dubai, Johannesburg. Awa ndi mayina amene amaoneka pa TV ndi pa foni. Koma munthu sadya dzina la mzinda. Akafika amafuna pogona, ntchito yovomerezeka, chakudya cha halaal, mzikiti woyandikira, ndi anthu oti amuthamangire akadwala.

M'kope lino tasankha mzinda umodzi wosatchuka kwambiri kuti tiuunike bwinobwino, zabwino zake ndi zowawa zake. Mzindawu ndi Leicester, ku England. Cholinga chathu si kukuuzani kuti longedzani. Tikufuna tione limodzi momwe munthu amayezera mzinda asanagulitse munda kapena kubwereka ndalama chifukwa cha ulendo.

Uli pati, ndipo ndi waukulu bwanji?

Dzinali limalembedwa motalika koma eni ake amangoti "Lesta". Mzindawu uli pakati pa dziko la England, m'chigawo cha East Midlands, m'mbali mwa mtsinje wa Soar. Kuchokera ku London ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 160 kulowera kumpoto, ndipo sitima yothamanga imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa kukafika pa siteshoni ya St Pancras ku London. Kalembera wa 2021 anapeza kuti mumzindawu muli anthu pafupifupi 368,600. Choncho ndi wocheperapo poyerekeza ndi Blantyre, ndipo London amauposa kuwirikiza ka 20.

Ndi mzinda wakale kwambiri. Aroma anamangapo tawuni zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo chipupa china cha nthawi imeneyo, chotchedwa Jewry Wall, chilipobe. Mu 2012 akatswiri anafukula mafupa a mfumu Richard III pansi pa malo oimikapo magalimoto, ndipo anawaikanso m'manda mu 2015. Anyamata okonda mpira amaudziwa chifukwa cha 2016, pamene timu ya Leicester City, yomwe inali ndi Riyad Mahrez ndi N'Golo Kanté, inatenga chikho cha Premier League anthu asakuyembekezera. Koma zimenezi n'zokometsera nkhani chabe. Zofunika kwa munthu wofuna kukhalako ndi zina.

Chifukwa chake Chichewa chimamveka m'misewu ina ya kumeneko

Kuti timvetse Leicester wa lero tiyenera kubwerera ku Africa kuno. Mu Ogasiti 1972 Idi Amin analamula kuti Amwenye atuluke mu Uganda pasanathe masiku 90. Ambiri anali ndi mapasipoti a Britain. Khonsolo ya Leicester inachita mantha moti inalipira chilengezo m'nyuzipepala ya Uganda Argus chowauza kuti asabwere, ponena kuti nyumba ndi malo a sukulu n'zosakwanira. Anthu zikwizikwi anabwerabe, chifukwa abale awo ena anali kale komweko ndipo m'mafakitale munali ntchito. Ambiri mwa iwo anayamba mabizinesi amene anadzutsa madera omwe anali atayamba kugwa.

M'zaka zomwezo za m'ma 1970, boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera akumidzi n'kumachita malonda m'matawuni akuluakulu okha. Agogo athu amakumbukira masitolo amene anatsekedwa m'misika ya m'maboma. Mabanja ambiri anachoka m'dziko muno, ndipo ochuluka ndithu, makamaka Asilamu, anakakhazikika ku Leicester. N'chifukwa chake mpaka lero mungakumane ndi mkulu wobadwira ku Limbe kapena ku Zomba amene angakulonjereni m'Chichewa chomveka. Pambuyo pake kunafikanso Asomali, anthu a ku Poland ndi ku Romania, a ku Zimbabwe, ndi Amalawi ena opita kukaphunzira ndi kukagwira ntchito.

Kalembera wa 2021 anasonyeza kuti pa anthu 100 alionse a mumzindawu, pafupifupi 41 anabadwira kunja kwa United Kingdom. Pankhani ya chipembedzo, pafupifupi 25 ndi Akhristu, 23 kapena 24 ndi Asilamu, ndipo 18 ndi Ahindu. Palibe gulu limene lili loposa theka. Kwa mlendo wochokera kuno, zimenezi zikutanthauza kuti mtsikana wovala hijab kapena bambo wovala kanzu sakhala chodabwitsa m'basi kapena kuchipatala.

Moyo wa Msilamu tsiku ndi tsiku

Mumzindawu muli mizikiti makumi angapo. Yambiri ili kummawa kwa mzinda, m'madera a Highfields, Spinney Hills ndi Evington. Ina yodziwika ndi Masjid Umar ku Evington, Jame Masjid pa Asfordby Street, ndi Central Mosque pafupi ndi siteshoni ya sitima. M'madera amenewa munthu amayenda wapansi kupita ku swala, mabutchala a halaal ali paliponse, ndipo ana amapita ku madrasa madzulo akaweruka kusukulu, monga timachitira kuno. Kuli sukulu za sekondale za Madani, ya anyamata ndi ya atsikana, zomwe ndi za Chisilamu koma zimalandira ndalama kuchokera ku boma. M'mudzi wa Markfield, kunja pang'ono kwa mzinda, kuli bungwe la Islamic Foundation lomwe linayamba mu 1973 ndipo limasindikiza mabuku, komanso koleji ya Markfield Institute of Higher Education.

Pali chinthu china chomwe achinyamata saganizira koma akomiti amachidziwa kulemera kwake: maliro. Ku Britain kupeza zikalata za imfa kumatha kutenga masiku, pomwe ife timafuna kuika msanga. Ku Leicester kuli bungwe la Muslim Burial Council of Leicestershire lomwe limagwira ntchito ndi khonsolo ndi zipatala kuti janaza isachedwe, ndipo kumanda a Saffron Hill kuli gawo la Asilamu. Mzinda umene unakonza ngakhale zimenezi ndiye kuti anthu ake anazika mizu.

Chomwe chimavuta ndi dzuwa. Kuno kwathu usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse. Ku Leicester, mu Juni dzuwa limatuluka isanakwane 5 koloko m'mawa n'kukalowa cha m'ma 9:30 usiku. Mu Disembala limatuluka 8 koloko itadutsa, ndipo pofika 4 koloko masana lalowa kale. Ndiye kuti m'nyengo yozizira Zuhr, Asr ndi Maghrib zimapanikizana mkati mwa maola ochepa, nthawi yomwe munthu ali m'kalasi kapena pantchito, ndipo ayenera kupangana ndi abwana ake za popempherera. M'nyengo yotentha Isha imafika usiku kwambiri, Fajr n'kubwera munthu asanagone mokwanira. Popeza Ramadhan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, pali zaka zimene kusala kumakhala kwafupi, ndipo pali zina, monga 2016, zimene kuchokera pa daku kukafika pa futari pankadutsa maola 18 kapena kuposerapo.

Kuzizira nakonso si kwa ku Dedza. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumachita chisanu, mitambo imaphimba masiku ambiri, ndipo nyumba imafunika kuitenthetsa ndi gasi kapena magetsi. Ndalama yotenthetsera nyumba ndi bilu yomwe kuno sitiidziwa, ndipo imapweteka ambiri m'chaka chawo choyamba.

Maphunziro

Mumzindawu muli mayunivesite awiri. University of Leicester inayamba ngati koleji mu 1921 ndipo inakhala yunivesite yoima payokha mu 1957. Ndi pamenepa pomwe mu 1984 Alec Jeffreys anatulukira njira yozindikirira munthu pogwiritsa ntchito DNA, yomwe lero apolisi ndi makhothi amadalira padziko lonse. Imadziwikanso pa maphunziro a udokotala ndi a zam'mlengalenga. Inayo ndi De Montfort University, yomwe inakhala yunivesite mu 1992 ndipo imaphunzitsa kwambiri maphunziro okonzekeretsa munthu ntchito, monga unamwino, za mankhwala, malamulo, bizinesi ndi luso lokonza zovala.

Ophunzira athu adziwe izi msanga. Satifiketi ya MSCE payokha kawirikawiri siilowetsa munthu m'chaka choyamba cha digiri ku England. Amafuna A Level, kapena chaka chimodzi chokonzekera chomwe nachonso n'cholipira. Fizi ya wophunzira wochokera kunja imadutsa £15,000 pa chaka, ndipo maphunziro ena amaposa pamenepo kwambiri. Kwa mabanja ambiri a pasukulu pano, njira yotheka si kupita mukangolemba Fomu 4. Njira yotheka ndi kuchita digiri yoyamba konkuno, kukhoza bwino, kugwirako ntchito, kenako kupikisana pa thandizo la maphunziro a masters. Chevening imalipira chaka chimodzi cha masters, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiponso kuti akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Kulinso thandizo la Commonwealth, ndi la Beit Trust lomwe ndi la ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Onsewa amayang'ana magiredi, ndipo magirediwo amayambira m'kalasi momwe mwakhalamo lero.

Ndalama: apa ndi pomwe Leicester amaposa London

Boma la Britain lenilenilo limavomereza kuti London ndi wodula. Pofunsira viza ya wophunzira, munthu amayenera kuonetsa kuti ali ndi fizi ya chaka choyamba komanso ndalama zodyera ndi pogona za miyezi 9. Kumayambiriro kwa 2025, wopita ku London ankayenera kuonetsa £1,483 pa mwezi, pomwe wopita ku mzinda ngati Leicester ankaonetsa £1,136. Pa miyezi 9 zinali £13,347 ku London ndi £10,224 ku Leicester, kusiyana kopitirira £3,000. Ndalamazo ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana. Manambalawa boma limawakweza pafupipafupi, choncho wofunsira aziona pa tsamba la boma la gov.uk tsiku lomwe akufunsiralo.

Pamoyo weniweni kusiyanaku n'kokulirapo. Lendi ya nyumba ku London ndi pafupifupi kawiri ya ku Leicester. Mzindawu ndi wophatikizana moti wophunzira wokhala ku Highfields amafika kuyunivesite wapansi osalipira basi. Ufa wa chimanga, nyemba, mpunga, therere ndi nsomba zouma zimapezeka m'masitolo a Amwenye ndi a anthu a ku Africa, makamaka m'misewu ya Evington Road ndi Narborough Road. Wodziphikira yekha amapulumutsa ndalama zambiri.

Pamwamba pa izi pali ndalama ya viza, tikiti ya ndege, ndi msonkho wa zaumoyo womwe kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi £776 pa chaka kwa wophunzira, wolipiriratu asananyamuke. Ukalipira msonkhowu umathandizidwa m'zipatala za boma za NHS. Wochokera ku Malawi amayeneranso kuyezetsa TB kuchipatala chovomerezeka ndi boma la Britain, ndipo kawirikawiri amalemba mayeso a Chingerezi monga IELTS.

Ntchito: chikomekome cha mkuyu

Leicester anakula ndi mafakitale a masokosi, zovala ndi nsapato. Ambiri mwa mafakitale aakuluwo anatsekedwa. Lero ntchito zambiri zili m'zipatala zitatu zazikulu za Leicester Royal Infirmary, Glenfield ndi Leicester General, m'mayunivesite, m'mafakitale a zakudya monga ya Walkers, ndiponso m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu zomwe zili m'mbali mwa msewu wa M1. Popeza mzindawu uli pakati pa dziko, makampani amakonda kusungira katundu pafupi napo.

Koma kutsika kwa lendi kuli ndi chifukwa chake. Malipiro nawo ndi otsika. Ziwerengero za boma zakhala zikuika Leicester m'gulu la madera amene mabanja amatsala ndi ndalama zochepa kwambiri mu United Kingdom. M'madera ena mabanja amakhala mothithikana m'nyumba zakale zazing'ono. Mu Juni 2020, pa nthawi ya Covid-19, Leicester unali mzinda woyamba m'dzikolo kutsekedwa pawokha matenda atachuluka. M'mwezi wotsatira nyuzipepala zinaulula kuti m'mafakitale ena ang'onoang'ono osoka zovala anthu ankalipidwa pafupifupi £3.50 pa ola, pomwe malamulo ankati munthu wa zaka 25 kupita m'mwamba asalandire zochepera £8.72. Ambiri mwa oponderezedwawo anali alendo osadziwa Chingerezi kapena opanda mapepala, omwe sakanatha kukadandaula kulikonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa pali phunziro lalikulu. Ubwino wonse wa mzinda umafika kwa munthu amene ali ndi mapepala oyenera. Wophunzira wa digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati. Maola amenewa angathandize pa chakudya, koma sangalipire fizi, ndipo wopyola malirewo akhoza kulandidwa viza. Wolowa ndi viza ya mlendo saloledwa kugwira ntchito n'komwe. Kuyambira mu Januwale 2024 ophunzira ambiri saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, kupatula ochita maphunziro a kafukufuku ndi ena otumizidwa ndi boma. Njira ya ntchito yosamalira okalamba, yomwe anthu ambiri a ku Africa analowera m'zaka zapitazi, inatsekedwa mu Julayi 2025 kwa ofunsira ali kunja kwa dzikolo.

Makolo, chonde gwirani mfundo iyi. Kampani ya ku Britain yolemba munthu wakunja imayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, ndipo mndandanda wa makampani ovomerezekawo uli poyera pa intaneti. Malamulo a kumeneko salola kugulitsa ntchito. Munthu akakuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire mamiliyoni kuti akupezereni kalata ya ntchito, imani kaye. Pali anthu ambiri ochokera m'mayiko a ku Africa ndi ku Asia amene analipira ndalama zotere, n'kufika ku England n'kupeza kuti ntchitoyo kulibe, ngongole ili kumudzi.

Kukhala ndi anthu a zikhulupiriro zina

Leicester amatchuka ndi msewu wa Belgrave Road, womwe amautcha Golden Mile, kumene Ahindu amachitira chikondwerero cha Diwali chomwe ndi chimodzi mwa zikuluzikulu kunja kwa India. Kwa zaka zambiri mzindawu unkatchulidwa ngati chitsanzo cha kukhalira limodzi mwamtendere. Koma mu Seputembala 2022 kunabuka zipolowe kummawa kwa mzinda pakati pa magulu a anyamata achihindu ndi achisilamu. Mkangano unakula pambuyo pa masewero a cricket a India ndi Pakistan, ndipo mabodza ofalitsidwa pa intaneti anasonkhezera moto. Apolisi anamanga anthu ambiri, ndipo atsogoleri a mizikiti ndi a akachisi anaima pamodzi kupempha bata.

Tikutchula izi kuti mnyamata wathu akadzapita kumalo otere adziwe kuti mikangano ina imene adzaipeze inachokera kutali ndipo si yake. Ife tinakulira m'midzi momwe Msilamu ndi Mkhristu amakumbira manda limodzi ndi kuitanirana paukwati. Khalidwe limeneli ndi chuma chofunika kupita nacho. Adziwenso kuti ngakhale pakati pa Asilamu okhaokha, mizikiti yambiri inamangidwa ndi magulu a chilankhulo chimodzi, ena Chigujarati, ena Chiurdu, Chibengali kapena Chisomali. Pamzere wa swala tonse ndife amodzi, koma kupeza anzako enieni kumatenga nthawi, ndipo kusungulumwa m'miyezi yamdima ndi vuto lenileni.

Ndiye ndani angakhaleko bwino?

Tikaika zonsezi pasikelo, Leicester ndi malo abwino kwa munthu amene ali ndi chifukwa chomveka chopitira: wophunzira yemwe fizi yake yalipiridwa, kapena wantchito waluso yemwe walembedwa ndi kampani yovomerezeka. Munthu wotere adzapeza lendi yopiririka, mzikiti pafupi, chakudya chodziwika, ndi anthu odziwa komwe Malawi ali. Pa zinthu zimenezi Leicester amaposa London, ngakhale sadzaoneka pa zithunzi zomwe anzanu amatumiza. Kwa munthu wongopita kuti akaonera komweko, mzinda womwewu ukhoza kukhala chipinda chozizira cha anthu asanu ndi ntchito yobisala ya malipiro achipongwe.

Mafunso amene tafunsa za Leicester ndi omwe muyenera kufunsa za mzinda uliwonse, kaya ndi Durban, Bursa kapena Kuala Lumpur. Ndikalowa ndi chilolezo chotani, ndipo chikundilola kuchita chiyani? Lendi, chakudya ndi mayendedwe zikadya ndalama zingati pa mwezi, ndipo malipiro a ntchito yomwe ndingaipeze ndi angati? Satifiketi yanga ikukavomerezedwa? Ndikapemphera kuti, ndipo ndikadwala kapena kumwalira adzandisamala ndani? Pomaliza, ndikadzafuna kubwerera, ndidzabwera ndi chiyani chomwe kuno chikusowa?

Safunsa anadya phula. Ophunzira, musamabise maganizo a ulendo kwa makolo ndi aphunzitsi anu. Makolo, mwana akabwera ndi nkhani ya kunja, musamukalipire ndiponso musathamangire kugulitsa katundu. Khalani naye pansi muwerengere limodzi, mufunse amene anakhalako, ndipo muswali istikhara. Kwa akomiti, tikupempha kuti tiganizire zosunga mayina a ophunzira athu akale amene ali kunja ndipo avomera kufunsidwa, kuti mwana wofuna uphungu azimva zoona kuchokera kwa munthu wodziwika, osati kwa dobadoba.

M'kope likudzali, Insha Allah, tidzafotokoza mwatsatanetsatane momwe munthu amakonzekerera kufunsira thandizo la maphunziro kuyambira ali ku sekondale. Allah atsegulire ana athu makomo a riziki la halaal, kaya ndi konkuno kaya ndi kutali.